Galasi Lochita Nkhungu pa Msewu wa ku Katete

Kagalimoto kanga ndinakagula ndi mkaka. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi zoona. Ng'ombe zathu za ku Palabana ndizo zinakabereka, chigubu ndi chigubu, mwamuna wanga bashi Dalitso akupalasa njinga m'mawa uliwonse kukapereka mkaka kumene amasonkhanitsira. Kuyendetsa iwo anakana kuphunzira. Amati chiwongolero chozungulira chimawachititsa chizungulire, ndipo njinga siinawanamizepo. Laisensi ndinatenga ndine, mayi wa ana atatu. Tsiku limene ndinaitenga ndinaimbira mng'ono wanga Mwatitha ku Katete n'kulumbira kuti pa ukwati wake sadzakwera ngolo kapena galimoto yobwereka. Ndidzamunyamula ndine kupita naye kutchalitchi.

Ukwati unali Loweruka, mwezi wa Sepitembala. Ife tinanyamuka Lachitatu kuti tikathandize zophika. Bashi Dalitso anatsalira ng'ombe. Amene ndinapita nawo ndi alamu anga ba Esinati, mlongo wawo wa amuna anga, mayi wokulira m'makomboni a Lusaka, amene pakamwa pawo sipazizira. Lachiwiri masana onse ine ndinali kosaluni kokonzetsa tsitsi. Pobwera kunja kutayamba kuda, ndinapeza galimoto ili nyezinyezi pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinangoti Mulungu adalitse dzanja limene latsuka. Sindinafunse kanthu. Mutu wanga unali kale ku Katete.

Tinatuluka m'bandakucha, nyimbo za kwaya zili pamwamba. Ba Esinati anali kuvina atakhala, lamba ali pachifuwa. Kumbuyo tinadzaza zigubu za mkaka wowawasa, mapoto aakulu, ndi diresi langa lopachikidwa pachitseko ngati mlendo wolemekezeka. Titalowa mu msewu waukulu wa kum'mawa ndinaimba hutala popanda chifukwa, kungosangalala. Ku Chongwe tinayenera kutenga amalume anga a Zulu, amene anagwira ntchito ya ulonda pafamu ina ku Kasisi mpaka kupuma.

Tili pafupi kulowa m'tauni ya Chongwe, dzuwa linatuluka kutsogolo kwathu. Pompo dziko linazimirira. Galasi lonse lakutsogolo linayera mbee ngati wina walithira mkaka. Msewu sindinauone, ngakhale thiraki imene ndinali kuitsatira. Ndinangomva hutala wa minibasi kumbuyo ndi kukuwa kwa alamu anga.

“Mulamu, imilila! Imilila, nifuna kufa na mazino yanga yonse!”

Ndinatsitsa galasi lam'mbali, kutulutsa mutu ndi tsitsi langa latsopanolo, n'kukokera galimoto kumbali pang'onopang'ono mpaka matayala anagwira fumbi. Ndinazimitsa injini. Titayang'anizana, ba Esinati wigi itapendekera khutu limodzi, tinaphulika kuseka mpaka misozi. Kuseka kwa mantha kumavuta kuletsa.

Poyamba ndinati ndi nthunzi ya mpweya wathu, popeza tinaimba kwambiri. Ndinapukuta mkati ndi chitenje, osasintha. Ndinatuluka n'kupukuta kunja, osasintha. Ukaima pambali galasi limaoneka labwinobwino, kungochita ngati lili ndi tulo. Koma dzuwa likaliwomba maso ndi maso, limasanduka nkhungu. Tinakwawa chomwecho, mutu wanga uli panja, mpaka pa filing'i sitesheni pamene amalume anali kutidikira atavala jekete la suti ndi chipewa, tambala wa mphatso ali m'khwapa.

A Zulu anazungulira galimoto manja ali kumbuyo, monga mlonda woyendera mpanda. Ananunkhiza galasi. Analigogoda ndi chala.

“Amake Dalitso, iyi motoka igona pati?”

“Pansi pa mango, amalume.”

“Basi. Mileme. Mikodzo ya mileme ni yoipa, inanionongela njinga ku Kasisi.”

Ba Esinati anakana ndi mutu ndi manja omwe. Iwo anali atapeza kale wolakwa. Kuseri kwa mpanda wathu kuli dimba la tomato la bana Chipo, mnansi wathu, mbadwa ya pamalopo, amene makolo ake ndiwo anatilandira titangofika kuchokera kum'mawa. Lachiwiri lomwelo bana Chipo anali kupopera mankhwala m'dimbamo.

“Ninabaona na maso yanga, chigubu pamusana. Mphepo inali kubwela kwathu. Elo kuchokela pamene munagula motoka, moni wao unafupika. Nipaseni foni, nibauze.”

Foni ndinaikhalira. Bana Chipo ndi amene anandigwira dzanja pobadwa mwana wanga wotsiriza. Sindikanalola kuti ubale wotero uthe pa filing'i sitesheni chifukwa cha chinthu chimene sitinachidziwe. Komabe kamtima kena kanali kunena kuti mwina n'zoona, ndipo kamtima kameneko ndinayenda nako mtunda wautali.

Panalibe chochita koma kudikira dzuwa likwere. Tinakhala pamthunzi wa sitolo tikudya vitumbuwa, tambala atamangidwa kumwendo wa amalume. Aliyense wodutsa anali dokotala. Wina anati ndi mafuta a mabuleki. Wina anati ndi madzi a pachitsime, amasiya laimu akauma. Mayi wina wogulitsa nthochi anati tipake mankhwala otsukira mano. Bambo wina wa taxi anati galasi la ku Japan likafika kuno limadwala kutentha, monga mzungu. Amalume anavomera zonse ndi mutu, koma pomaliza pa aliyense amati, “Ee, pamodzi na mileme.”

Chimene chinatithandiza chinabwera mwangozi. Ba Esinati posamba m'manja anawaza madzi pagalasi, ndipo pamene panagwa madzipo panayera ngwee, mpaka mipando inaoneka. Patauma, nkhungu inabwerera. Tinayesanso, zomwezo. Tinakuwa ngati tagoletsa chigoli. Tinadzaza kathanki ka madzi opopera pagalasi, tinagula mabotolo ena, ndipo dzuwa litakwera pamwamba pa denga tinanyamuka, ine ndikupopera madzi ngati wothirira mbewu, mawaipa akuvina.

Tisanafike patali, pa Chinyunyu, pamene pali akasupe a madzi otentha, amalume analamula kuti tiime. Anati madzi amenewo amachiritsa zipere, nanga galasi n'chiyani. Anatsika ndi ndowa yathu ya mapoto n'kubwera nayo ikufuka nthunzi. Ndinawatsekereza ndi thupi langa lonse.

“Amalume, kapu yagalasi mukaithira madzi owira imatani?”

Anaima, kuganiza, n'kuyang'ana ndowa. Kenaka anakhala pamwala, kuvula nsapato, n'kuviikamo mapazi. Anati madzi asapite pachabe. Tinawadikira mpaka mapazi atapsa bwino, ba Esinati akujambula ndi foni kuti akaonetse ku ukwati.

Ku Rufunsa ndinaganiza zoyesa nzeru yanga ya kukhola. Madzi a pachitsime chathu amasiya zoyera m'zigubu za mkaka, ndipo ine ndimachotsa ndi viniga. Ndinalowa m'kasitolo n'kugula kabotolo. Ndinanyowetsa kansalu, kukasiya pakona ya galasi kwa kanthawi, kenaka kupukuta. Nkhungu inali pomwepo. Ndiye kuti si laimu. Mwini sitolo anandipatsa lezala, ndinapala mosamala pakona pomwepo kuti ngati ndi utomoni wa mango kapena za mileme za amalume zichoke. Lezala inangotsetsereka, osatola kanthu. Ndinayendetsa chikhadabo. Panalibe chotundumuka pamwamba, koma galasi silinali loterera monga la m'mbali, linali lokhakhala pang'ono ngati chigoba cha dzira. Pamenepo ndinazindikira. Chinthu chikakhala pamwamba chimachoka. Ichi chinali chitadya galasi lenilenilo.

“Mwaona? Poizoni!” anatero ba Esinati. “Nipaseni foni.”

“Mulamu, idyani nthochi.”

Mapiri a Manenekera ndinali kuwaopa kuyambira tsiku limene ndinalonjeza Mwatitha. Abale a ku Katete anali atanena kale kuti mkazi sangadutsepo, ndikafika pamenepo ndidzalira n'kupatsa mwamuna chiwongolero. Msewu umakhota ngati njoka yomenyedwa, mathiraki akutsika akununkha mabuleki. Madzi a m'kathanki anathera pakati pa phiri. Dzuwa linali pamutu, choncho ndinkaona ndithu, koma ngati munthu woyang'ana kudzera m'katani yopyapyala. Ba Esinati anatulutsa dzanja pawindo ndi botolo, akuwaza madzi pagalasi pa kona iliyonse, theka la madziwo likubwerera kumaso kwa amalume kumbuyo. Amalume anayambitsa nyimbo ya maliro. Tambala analira. Ine ndinali kuseka ndi kupemphera nthawi imodzi, manja atauma pachiwongolero. Titatsikira kuchigwa ndinakuwa dzina langa la kwathu, ndekha, ngati wopenga.

Pa msika wa pa Luangwa tinaima kuti tipumule. Kutentha kwake kunali kwa ng'anjo. Amalume anapita kukatsutsana ndi amayi a nsomba zouma, ba Esinati anakagula dengu limene sitinali ndi poliika. Ine ndinatsala ndikuyang'ana galasi langa. Pafupi panaima thiraki yaikulu, ndipo dalaivala wake, bambo wonenepa wa thaulo paphewa, anabwera akutafuna nsomba.

“Mami, mwasukila chani iyi windisikilini?”

Ndinamufotokozera za dimba la tomato. Anapukusa mutu. Anati mankhwala a m'munda akauluka ndi mphepo amagwa timadontho, ndipo sasankha. Akanagwera pa boneti, padenga, ndi pa magalasi a mbali ya kudimba. Tinazungulira tonse awiri. Penti inali bwino, magalasi ena onse anali oyera. Kenaka anavula jekete limene linali m'thiraki mwake, lakuda, n'kuliyala mkati pansi pa galasi, n'kundiuza kuti ndiime chapambali ndiwerame.

Ndinaona. Nkhungu ija siinali yofanana ponse. Inali mizere yozungulira, yozungulira, monga mmene dzanja limayendera potsuka mbale. Kumanja mizere, kumanzere mizere. Koma pamwamba pakatikati panali kachigawo koyera bwino, kosakhudzidwa, kooneka ngati mchira wa nsomba.

“Apa dzanja sinafikepo,” anatero dalaivala uja. “Wamene anasuka ni mufupi.”

Anawerama n'kuyang'ana marimu a matayala anga. Anali kuwala ngati masupuni atsopano. Anaseka mpaka thaulo linagwa. Anati kumalo kotsukira mathiraki kuli mankhwala ena a asidi owalitsira marimu, ndipo anaonapo mnzake atawonongeredwa galasi ndi omwewo. Pa chitsulo amachita zodabwitsa, koma akagona pagalasi, makamaka padzuwa, amalidya.

Ba Esinati anali atafika ndi dengu lawo pamutu, ndipo anamva mawu akuti “mufupi”. Banja la amuna anga lonse ndi lalifupi. Ndinawaona akutsitsa dengu pang'onopang'ono.

“Mulamu,” anatero ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo, “mwina ni mileme chabe.”

Ndinaimba foni, n'kuikweza mawu kuti tonse timve. Bashi Dalitso anayankha mokondwa, ng'ombe zikulira kumbuyo.

“Mwafika pati? Banthu baiona motoka mwamene iwalila?”

“Baiona, bashi Dalitso. Munasukila chani?”

Ananena monyadira, osadziwa kanthu. Anagula kabotolo kwa munthu wina wotsuka magalimoto mumsewu, mankhwala othiridwa m'botolo la madzi akumwa, lopanda dzina. Atapaka marimu n'kuona kuwala kwake, anaganiza kuti chowalitsa chitsulo chingawalitse galasi koposa, kuti mkazi wawo akalowe mu Katete ngati nduna. Anapaka bwinobwino ndi kansalu. Ali pakati, thole linathyola khola n'kuthawira kumsewu, ndipo analithamangitsa mpaka kumunsi. Pobwera anapeza zauma, anatsuka ndi madzi, galasi lili lonyowa linawala, iwo n'kupita kokama.

Ndinawauza zimene zinachitika ku Chongwe. Dalaivala uja analowererapo, kufunsa ngati anagwira mankhwalawo ndi manja. Mwamwayi anavala magolovesi otsukira zigubu. Anawauza kuti magolovesiwo asawagwiritsenso ku mkaka, botololo alichotse pamene ana angalifike, ndipo zala zikayamba kuwawa athamangire kuchipatala osadikira. Pamenepo kuseka kunandithera kaye, poganiza botolo looneka ngati la madzi lili pawindo la khitchini, mwana wanga wamng'ono akuchokera kusukulu ndi ludzu.

“Nalichosa manje manje,” anatero bashi Dalitso. Kenaka, motsitsa, “Bana Dalitso, nenze kufuna chabe kuti muoneke bwino.”

Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma onse anasungunuka. Ndinangoti tidzakamba. Nditadula, ba Esinati anandigwira mkono.

“Ija nkhani ya bana Chipo, isafike ku Palabana.”

“Amalume anamva.”

“Ine nili na njala,” anatero amalume. “Munthu wanjala akamba maningi.”

Ba Esinati anawagulira nsomba yaikulu kuposa zonse pamsikapo.

Pa mlatho wa mtsinje wa Luangwa, wapolisi wamkazi anayang'ana laisensi yanga, kuyang'ana galasi, n'kulowetsa mutu kuti aone mmene ndimaonera. Anati masana ndikhoza kuyenda mosamala, koma mdima usandipeze, chifukwa magetsi a magalimoto obwera adzachita zimene linachita dzuwa. Kuyambira pamenepo ulendo unasanduka mpikisano ndi dzuwa, limene tsopano linali kumbuyo kwathu likutikankha. Kacholola tinangodutsa. Ku Nyimba amayi a nthochi anathamangira galimoto, ndipo ba Esinati anagula mkoko wathunthu kudzera pawindo ine ndisanaimitse bwino. Amalume anapempha kuti tiime akaone mnzawo wa kale, tinawakaniza onse awiri pamodzi.

Ku Petauke ndinapatuka kufunafuna wokonza magalasi. Tinamupeza kuseri kwa msika, bambo wachete wa magalasi a maso okhuthala. Anayendetsa chala, kuthira madzi, kudikira kuti aume, n'kunena zomwe tinazidziwa kale. Ndinafunsa ngati angalipukute ndi makina. Anati pakanakhala kamalo kamodzi akanayesa, koma galasi lonse ukalipala limachita mafunde, munthu mmodzi pamsewu umamuona ngati awiri. Mankhwala ake ndi galasi lina, ndipo la mtundu wa galimoto yanga analibe. Linayenera kuchokera ku Lusaka.

Ndinatumiza uthenga kwa bashi Dalitso kuti Mwatitha adzakwera galimoto ya munthu wina, chifukwa msewu wa kutchalitchi kwathu umaloza kum'mawa ndipo ukwati ndi wa m'mawa. Sanayankhe. Ndinalira pang'ono pakati pa Petauke ndi Sinda, ba Esinati akundidyetsa nthochi ngati mwana. Titapitirira Sinda, galimoto yoyamba inayatsa magetsi, ndipo pagalasi panga panaphuka duwa lalikulu la moto. Alamu anga anabwerera pa ntchito yawo ya botolo. Tinalowa mu Katete kuthambo kukali kofiira, tonse atatu titanyowa, ndipo amayi anga anavina kuzungulira galimoto osaona chilema chilichonse.

Lachinayi lonse foni ya bashi Dalitso inali yosayankhidwa. Ndinakwiya, kenaka ndinada nkhawa. Lachisanu masana, tili pakati pa kusenda anyezi, bana Chipo ndi amene anandiimbira. Anati ndisavutike za ng'ombe, akukama ndiwo pamodzi ndi amuna awo, ndipo ndipite pa siteji chifukwa basi ya ku Lusaka imene akwera bashi Dalitso ili pafupi. Ba Esinati atamva dzina la woimbayo anakwirira nkhope m'chitenje.

Galasi latsopano linaikidwa madzulo omwewo ndi wokonza wina wa mu Katete, linagona usiku zomatira zikuuma, ndipo Loweruka Mwatitha ndinamunyamula ndine, dzuwa lili m'maso, msewu ukuoneka mpaka nyerere. Koma za ukwatiwo anthu kwathu sakambanso kwambiri. Chimene amakamba ndi cha pa siteji.

Tinapita gulu, amayi a zophika ena atagwira mipeni ya anyezi. Basi inaima, anthu anatsika, akatundu anatsitsidwa, bashi Dalitso osaoneka. Kenaka kondakitala anatsika akuseka, n'kuyamba kukuwa kuti anthu apatuke, kukubwera odwala. Pakhomo panatulukira bulangete lathu la maluwa, lalitali, lomangidwa ndi malegeni, likutsika chammbali, ndipo pansi pake timiyendo tiwiri. Anthu a m'basimo anayamba kuomba m'manja. Mayi wina anatiuza kuti bamboyu anakana kuika katundu wake pansi pa basi, anamugulira malo pa mpando wakumbuyo, n'kumukumbatira kuchokera ku Lusaka. Basi ikagunda dzenje amakuwa ndiye, ngati thupi lake ndi limene lapwetekedwa. Pa Luangwa anzake onse anatsika, iye anakana. Amayi a zophika anayambitsa nthungululu, ndipo amalume anavula chipewa.

Bashi Dalitso anafika pamaso panga maso ali ofiira, milomo itauma, akupondaponda pansi ngati pali moto. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene mawu okoma amene ndinali ndisanawauzepo pa anthu chikwatirane.

“Bana Dalitso, gwilani uku. Mulamu wanu agwile uko. Mwagwila? Musasiye.”

“Tagwira. Bashi Dalitso, ine ndikufuna kunena kuti...”

“Muzakamba. Chimbuzi chili kuti?”

Amalume analoza ndi chipewa, ndipo mwamuna wanga anathamanga kudutsa siteji yonse ya Katete, ife titaima pakati pa msewu titanyamula galasi.